Kalata yotseguka: tisuzumire m'kati mwa matanthwe asanagwere nyumba zathu zakale

Kwa akuluakulu a nthambi ya Museums and Monuments, nthambi ya Geological Survey, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, ndi Khonsolo ya Mzinda wa Zomba.

Olemekezeka,

Ndakulonjerani nonse. Kalatayi ndailembera poyera chifukwa nkhani yake yakhudza maofesi anayi, ndipo tonse timadziwa zimene zimachitikira mbuzi yokhala ndi abusa anayi: imagona kuthengo, aliyense akuti mnzake waitsekera. Ndine mkulu wa kuno ku Zomba. Ndakalambira pa ntchito yofufuza madzi a pansi pa nthaka, kulozera okumba mijigo pamalo poti aboole. Zaka zonsezo ndinkadya chifukwa cha zinthu zosaoneka ndi maso, choncho mundikhululukire ngati ndikamayang'ana phiri sindiona kukongola kokha.

M'mawa uliwonse ndikatuluka m'nyumba ndimaona phiri la Zomba litaima pamwamba pa tauni, nsonga yake kupitirira mamita 2,000. M'tsinde mwake muli nyumba zimene dziko lino silingathe kuzimanganso. Muli Masongola, imene John Buchanan anamanga m'chaka cha 1886 ndipo pambuyo pake munakhala Harry Johnston. Muli nyumba yakale ya malamulo, m'mene aphungu athu ankakumana mpaka 1994, ngakhale likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Muli maofesi akale a boma, matchalitchi, ndiponso National Archives, kumene kukusungidwa mapepala a mbiri yathu. Sindikunena kuti nyumba zonsezi zili pansi pa thanthwe lolendewera. Zina zili patali ndithu ndi phompho. Koma kuti tinene kuti iyi ili pabwino, iyi ili panjira ya mwala, pafunika wina akwere, ayeze, alembe, ndipo zimene walembazo tizione tonse.

Phiri limeneli linatichenjezapo kale. Agogo athu ankasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri n'kukokolola milatho ndi nyumba muno mu Zomba. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linachita chimodzimodzi ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kutisiya. Za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindifunika kukukumbutsani: anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo amene anafika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche anaona miyala yaikulu ngati nyumba itakhala pamene dzulo lake panali makomo a anthu.

Ndinene msanga, kuti mawa wina asadzati mkulu uja anatilonjeza zozizwitsa: chipangizo chimene ndikufuna kukamba, rada yoona m'kati mwa matanthwe, sichilosera Napolo. Napolo ndi phiri lokhuta madzi likamasanza dothi lake lonse. Ine ndikunena za m'bale wake wachete, thanthwe limodzi lothothoka pa phompho kapena mwala umodzi wogubuduka, mwina tsiku lopanda ngakhale dontho la mvula. Ameneyu sachita phokoso lomveka dziko lonse, koma pa nyumba ya njerwa zakale ndi wokwanira. Mwala wa mtundu wa granite wotalika mamita 3, m'lifupi mamita 3, kuchindikala mamita 3, umalemera matani oposa 70. Amenewo ndi malole awiri a matani 30 odzaza, ndi kachidutswa pamwamba.

Timati chakudza sichiimba ng'oma. Pa nkhani ya matanthwe, mwambiwu ndimautsutsa pang'ono. Tsiku lina ndili pa ntchito ndinakhala pansi ndi bambo wina woswa miyala ya kwale. Anatenga hamala n'kugogoda thanthwe apa: linalira kuti ngwee, mawu akuthwa. Anasuntha mapazi awiri n'kugogodanso: linati bu, bu, ngati ng'oma yonyowa. Anati, "Apa m'kati ndi mopanda kanthu, achimwene. Chigamba ichi chinasiyana kale ndi mayi wake." Kunja thanthwelo linali losalala, lopanda mng'alu ngakhale umodzi. Ogwira ntchito m'migodi amagogoda denga motere asanalowe. Vuto ndi lakuti khutu ndi hamala zimangomva zigamba zopyapyala za pamwamba. Mng'alu umene uli mamita atatu kapena khumi m'kati, umene wagwira chimwala chenicheni, hamala siufika.

Apa ndi pamene pamalowa makina otchedwa ground penetrating radar, mwachidule GPR, imene tingoti rada yoona m'kati mwa nthaka ndi miyala. Ambiri amaiyerekeza ndi sikani ya amayi oyembekezera kuchipatala, ndipo fanizolo si loipa, kungoti sikani imatumiza mafunde a mawu pamene rada imatumiza mafunde a wailesi. Pamakhala eriyo yotumiza ndi eriyo yolandira. Mukaigunditsa pa thanthwe, imatumiza kamphamvu kakafupi kwambiri kolowa m'mwala. Mwala ukakhala umodzi wogwirana, kamphamvuko kamangopita mpaka kuzimirira. Kakakumana ndi malire a zinthu ziwiri zosiyana, monga mwala ndi mpweya, mwala ndi madzi, mwala ndi dongo, gawo lina limabwerera, monga momwe mawu amabwererera munthu ukafuula m'phanga. Makina amawerenga nthawi imene kamphamvuko katenga kupita ndi kubwera.

Nthawi yake ndi yochepa moti mutu umakana kuiganiza. Mutagawa sekondi imodzi m'zidutswa 1 biliyoni, kachidutswa kamodzi ndiye nanosecond. Pa kanthawi kameneko mafundewa amayenda masentimita 30 mu mpweya, pafupifupi masentimita 12 kapena 13 mu granite wouma, ndipo m'madzi amangokwawa masentimita atatu okha. Ndiye ngati chizindikiro chabwerera patatha ma nanosecond pafupifupi 50, katswiri amadziwa kuti mamita atatu m'kati muli china chake. Akamasuntha eriyo pang'onopang'ono motsatira mzere, kompyuta imalumikiza zizindikirozo n'kupanga chithunzi, ndipo mng'alu umaoneka ngati mzere wopendekeka kuseri kwa nkhope ya thanthwe. Akayenda mizere ingapo yoyandikana, amatha kuona kukula kwa chigamba chonse, kuchindikala kwake, ndiponso kumene chapendekera. Ngati mng'alu wapendekera kunja, kuloza kumene kuli nyumba, tulo tiyenera kuchepa.

Chinthu chofunika koposa chimene rada imathandiza kuona si mng'alu weniweniwo, koma malo amene mng'aluwo sunafike. Chimwala cholendewera chimakhala chikugwiridwa ndi timalo tochepa pamene chidakali cholumikizana ndi phiri, monga dzino logwedera limene latsala ndi kamnofu kamodzi. Timalo timeneti tikakhala tambiri, chimwala chingakhale zaka mazana. Tikatsala tochepa, mvula imodzi yodzaza madzi mu mng'alu, muzu umodzi wa kachere wonenepa chaka ndi chaka, kapena chivomerezi chimodzi, zatha. Ndipo tisaiwale kuti tili m'chigwa cha zivomerezi: Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu Disembala 2009. Munthu woima pansi ndi kamera, ngakhale wouluka ndi droni, amaona pakamwa pa mng'alu pokha. Kuti walowa bwanji m'kati, sangadziwe.

Eriyo zake n'zosiyanasiyana, ndipo apa ndi pamene ogula zinthu osafunsa amapsa. Ya mafunde a 100 MHz (MHz ndi muyeso wosiyanitsa mafunde a wailesi) imalowa patali, mamita 20 kapena kuposa mu mwala wouma wabwino, koma siiona timing'alu ting'onoting'ono toyandikana. Ya 400 kapena 500 MHz imalowa mamita ochepa koma chithunzi chake n'chomveka bwino. Ya 1,000 MHz kupita m'mwamba imangofika ngati mita imodzi, komabe ndi imene imagwira ntchito pa makoma a nyumba, kuona mphako, chinyontho, kapena zitsulo zobisika m'kati mwa khoma popanda kugumula njerwa ngakhale imodzi. Kutanthauza kuti bokosi lomwelo, mutangosintha eriyo, lingayeze thanthwe la pamwamba m'mawa ndi maziko a nyumba yakaleyo masana.

Tsopano malire ake, chifukwa ndinawaona ndi maso anga pa ntchito ya mijigo. Mdani wamkulu wa rada ndi dongo lonyowa. Dothi lathu lofiira la katondo likakhuta madzi limameza mafunde, moti nthawi zina simuona kanthu kupitirira mita imodzi. Amene angadzayendetse makinawa pamwamba pa phiri, pa udzu ndi dothi, n'kubwera kudzakuuzani kuti taona mulibe ming'alu, ameneyo musamulipire. Akatswiri a ku Grenoble m'dziko la France, amene anayesa njirayi pa maphompho a miyala ya laimu ozungulira mzinda wawo, anapeza kuti zithunzi zabwino zimatuluka pamene munthu watsika ndi chingwe n'kumayendetsa eriyo pa nkhope yeniyeni ya thanthwe, osati pa dothi la pamwamba. Mwayi wathu ndi wakuti miyala ya phiri la Zomba, syenite ndi granite, ikakhala youma ndi yosavunda imalola mafundewa kudutsa bwino. Malire ena ndi akuti mng'alu woimirira molunjika kulowa m'kati, wosayang'anana ndi eriyo, umavuta kuuona. Ndipo chithunzi cha rada si chithunzi cha ukwati choti aliyense azindikira nkhope. Ndi mizeremizere yofuna diso lophunzitsidwa, ndipo diso losaphunzira lingaone mng'alu pamene pali chithunzithunzi cha mtengo kapena waya wa magetsi.

Chachikulu, rada siinena tsiku. Imati chimwala ichi chagwira pang'ono. Siiti chigwa Lachiwiri. Choncho ikaloza malo okayikitsa, pamafunika kuikapo zoyezera ngati mng'alu ukukula. Zina ndi zamagetsi zodula, koma zina ndi zapafupi kwambiri: timisomali tiwiri tokhomedwa uku ndi uku kwa mng'alu, ndi munthu wokhulupirika wobwera mwezi uliwonse ndi choyezera ndi kope.

Anzathu ena anaphunzira zimenezi ndi maliro. Mzinda wa Salzburg ku Austria unamangidwa mokhudzana ndi phompho la phiri la Mönchsberg, nyumba zina khoma lake lakumbuyo ndi thanthwe lenilenilo. Pa 16 Julayi 1669 thanthwe linathothoka pa msewu wa Gstättengasse n'kukwirira matchalitchi awiri, seminale ndi nyumba 13. Anthu pafupifupi 220 anafa, ndipo ambiri mwa iwo anali amene anathamangira kudzapulumutsa anzawo, chigamba chachiwiri n'kuwagwera. Pambuyo pa ngoziyo mzindawo unadzakhala ndi anthu otchedwa Bergputzer, tingati osesa phiri, amene mpaka lero amatsika ndi zingwe chaka ndi chaka, kugogoda thanthwe ndi kugwetsa mwadala zidutswa zogwedera msewu utatsekedwa. M'zaka za m'ma 2000 akatswiri a ku Vienna anayesanso rada pa matanthwe a mzinda womwewo, kuti aone zimene hamala ya osesa phiri singamve. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi si makinawo ayi, koma kuti kuyang'ana phiri kunasanduka ntchito ya anthu odziwika, yokhala ndi malipiro ndi nyengo yake, ngati kusesa msika.

Ku America, m'dera la Mesa Verde ku Colorado, kuli mudzi wakale wotchedwa Spruce Tree House, womangidwa m'zaka za m'ma 1200 pansi pa denga la thanthwe. Mu 2015 miyala itayamba kugwa kuchokera pa dengalo, oyang'anira anatseka malowo kwa alendo, ngakhale anali amodzi mwa malo okondedwa kwambiri. Anasankha kutaya ndalama za alendo kusiyana ndi kunyamula mitembo.

Nkhani ya denga la thanthwe ikundifikitsa ku Dedza. Ku Chongoni kulibe nyumba za njerwa, koma mapanga a kumeneko ndiwo nyumba zakale koposa zonse zimene tili nazo. Kuli malo 127 a zojambula pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006: zofiira za Akafula, ndi zoyera za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Amene anafikako ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi akudziwa kuti zojambulazo zili pa khungu lenileni la granite, ndipo granite amasupuka zigamba ngati khungwa la bulugamu. Dzuwa limamutentha masana, usiku wa ku Dedza n'kumuziziritsa, ndipo moto wa kutchire wa osaka mbewa ukafika pafupi umafulumizitsa ntchitoyo. Nyumba ikagumuka khoma, mmisiri angaumbe njerwa zina. Chigamba chokhala ndi chojambula chikagwa n'kuphwanyika, palibe mmisiri pansi pano amene angachibwezere. Kumeneko rada ili ndi ubwino wina: siiboola, siigogoda. Pa chojambula simungayesere hamala ya bambo uja. Ngakhale eriyoyo isakhule pa utoto. Iyende m'mbali ndi pamwamba pa denga. Ndipo musanakwere ndi makina, yambani mwakhala pansi ndi mafumu ndi anamkungwi, pakuti ena mwa malowa ali ndi eni ake ndi miyambo yake.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo ndazimva kale pa bawo: anthu akusowa chimanga, inu mukulira nyumba za atsamunda. Yankho langa ndi lakuti mwala susankha. Ukagubuduka kulowera ku nyumba yakale, umadutsa kaye m'minda, m'njira za ana a sukulu ndi za amayi otsika ndi nkhuni pamutu, m'nyumba zimene zakwera m'mapiri chifukwa malo m'tauni anatha. Mapu oonetsa njira ya mwala amateteza onsewo nthawi imodzi. Komanso mapepala amene ali ku National Archives si a atsamunda okha. Muli nkhani za maufumu, za malire a malo, za anthu athu amene anamenyera ufulu wa dziko lino.

Pempho langa ndi ili, ndipo si lalikulu monga momwe lingamvekere. Musayambe ndi kugula makina. Yambani ndi mapazi. A Geological Survey, likulu lanu lili konkuno ku Zomba, phirilo mumaliona pa windo. A Museums and Monuments muli ndi mndandanda wa nyumba ndi malo otetezedwa pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act. Ikani mndandandawo pamwamba pa mapu a mapiri, muone malo amene ali ndi phompho kapena miyala yotsamira pamwamba pake, ku Zomba, ku Chongoni, ku Mulanje, ku Livingstonia. Ambiri adzagwa okha pa sefa, chifukwa alibe choopsa. Otsalawo, mwina khumi, mwina ocheperapo, akwereni, muwajambule ndi droni, muyeze ming'alu yooneka. Rada ibwere pa matanthwe okhawo amene maso alephera kugamula. Mukatero mudzaibwereka kwa milungu yochepa, m'malo moigula kuti izidya fumbi.

Za fumbizi ndikunena zimene ndinaona. Pa malo ena amene ndinagwirapo ntchito tinalandira makina oyezera nthaka, mphatso yochokera kunja, yokongola, ya m'bokosi lachikasu. Anabwera ndi katswiri wake, anatiphunzitsa masiku atatu, tinajambulitsa, iye n'kukwera ndege. Patatha miyezi ingapo batire inafa, ndipo kachingwe kamodzi kanaduka. Panalibe ndalama ya batire, panalibe wodziwa kogula kachingweko. Bokosilo linasanduka mpando wa mlonda. Ndiye ngati mubweretsa akatswiri akunja, ndipo palibe cholakwika kutero, mgwirizano wake unene kuti ana athu a sayansi ya miyala ndi uinjiniya a ku University of Malawi, ku MUST ndi ku MUBAS akhale pa chingwe limodzi nawo, agwire eriyo ndi manja awo, ndipo mafayilo onse a zoyezazo atsale kuno, osati lipoti lokha la chikuto chonyezimira. Kuyeza kwachiwiri, patatha zaka zitatu kapena zisanu, ndi kumene kumaonetsa ngati mng'alu ukuyenda, ndipo kumeneko kumatheka pokhapokha mizere ya poyamba italembedwa bwino ndipo woidziwa ali pafupi.

Mukapeza thanthwe loopsa, njira zilipo ndipo si zachilendo: kugwetsa chigambacho mwadala anthu atachotsedwa, kuchikhomerera ku phiri ndi mabawuti aatali achitsulo, kuchikuta ndi ukonde wa waya, kumanga mpanda wogwira miyala m'munsi, kapena kungopatutsa madzi kuti asalowe mu mng'alu, imene kawirikawiri ndi njira yotchipa koposa. Mitengo nayo ili pawiri. Nkhalango ya m'munsi mwa phompho imachepetsa liwiro la miyala ing'onoing'ono, ndipo pamene yadulidwa mwala umatsetsereka ngati pa msewu. Koma mtengo womera mu mng'alu weniweniwo umang'amba thanthwelo pang'onopang'ono. Wodula ayenera kudziwa kuti uti ndi uti, choncho a za nkhalango nawo muwaitane.

A DoDMA, lamulo latsopano la 2023 loona za ngozi likukamba za kuchepetsa chiopsezo ngozi isanagwe. Ntchito iyi ndi yomweyo. A Khonsolo, inu ndi amene mumavomereza mapulani a nyumba. Mapu amenewa akhale pa tebulo lanu munthu asanathire maziko. Ndipo zopezekazo muzimasulire m'Chichewa, muzikhome pa ofesi ya khonsolo ndi kwa mafumu, muzinene pa wailesi. Mayi amene amalima pansi pa chimwala ali ndi ufulu wodziwa zimene makina aona pamwamba pa mutu wake.

Nyengo yoyenera ntchitoyi ndi Ogasiti mpaka Okutobala, thanthwe litauma, udzu utachepa, chingwe chisakuterera. Mvula ikayamba mu Novembala, dongo la m'ming'alu limanyowa ndipo mwayi wa chaka chimenecho umapita. Ine pa chingwe sindingalendewerenso, mawondo anakana kalekale. Koma njira za m'phirimo ndimazidziwa, ndipo batire ndingathe kunyamula mpaka pamene galimoto yalekezera ndi kupitirirako pang'ono. Mukadzakonzeka, lengezani, ndidzabwera ndi nsapato zanga zakale.

Ndine wanu,
Wofufuza madzi wopuma pa ntchito, Zomba